MALAMULO OYEZERA UTSI WA GALIMOTO: AMAPANGIDWA KUTI, NANGA AMASINTHIDWA BWANJI?

Tikaima pa siteji kudikira minibasi, kapena tikamayenda m'mbali mwa msewu pamene lole ikukwera chitunda, timapuma utsi umene sitidaupange ife. Ambiri a ife tilibe galimoto, ndipo mwina sitidzakhala nayo. Koma mapapo tonse tili nawo. Mayi wogulitsa tomato pa depoti amakhala mu utsi umenewu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mwana ali kumbuyo. Nchifukwa chake m'mutu uno tikambirana za malamulo oyezera utsi wa galimoto, amene amawapanga, m'mene amawasinthira, ndi zimene zidachitika zitadziwika kuti ena ankabera mayesowo.

Poyamba tikumbukire chinthu chimodzi. Galimoto za m'misewu yathu sizipangidwa kuno. Zambiri ndi zakale zochokera ku Japan, zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam nkulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Zina zimachokera ku South Africa ndi ku Britain. Kotero nkhani yoti injini yake izitulutsa utsi wochuluka bwanji idagamulidwa kale kutali, zaka zambiri galimotoyo isanafike kwa ife. Kuti timvetse utsi wa ku Limbe kapena wa ku Mzuzu, tiyenera kuyamba tapita ku Geneva.

Kodi mu utsiwo muli chiyani?

Utsi wakuda umene timauona ndi maso ndi mwaye wa dizilo. Tinthu take tina ntating'ono kwambiri moti timalowa mpaka m'kati mwa mapapo ngakhalenso m'magazi. Mu 2012 nthambi ya bungwe la World Health Organization yofufuza za khansa idalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Palinso mipweya ina imene diso silingaione. Wina ndi carbon monoxide, uja amapha anthu amene agona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Wina ndi umene akatswiri amangoutchula mwachidule kuti NOx. Umenewu umapangika injini ikatentha kwambiri, ndipo umavutitsa makamaka ana, okalamba ndi odwala mphumu. Dzina limeneli la NOx tilisunge m'mutu, chifukwa tikumana nalonso kutsogoloku. Mpweya wachinayi ndi carbon dioxide. Uwu supweteka munthu nthawi yomweyo, koma ndi umene ukuonjezera kutentha kwa dziko lapansi, ndipo kuchuluka kwake kumayendera limodzi ndi mafuta amene galimoto yamwa.

Kuvomereza mtundu wa galimoto

Kampani ikamapanga galimoto mazanamazana tsiku lililonse, palibe boma limene lingayeze imodziimodzi. Amene amagula chimanga chambiri sakhuthula matumba onse; amabaya ochepa, nkuona ngati chili chouma ndi chosafumbwa. Ndi galimoto chimodzimodzi. Kampani imapereka galimoto yachitsanzo ya mtundu watsopano. Akatswiri amaiyeza mabuleki, nyali, malamba, phokoso ndi utsi. Ikapambana, ofesi ya boma imapereka chilolezo ku mtundu wonsewo, ndipo kampani imalonjeza kuti zonse zotuluka m'fakitale zidzakhala zofanana ndi yachitsanzoyo. Pa Chingerezi ntchito imeneyi amaitcha type approval.

Vuto linali lakuti kale dziko lililonse linali ndi mayeso akeake. Galimoto yopangidwa ku Italy inkayenera kuyezedwanso ku France, kenaka ku Germany, ndipo mtengo wa zonsezi unkagwera wogula. Choncho pa 20 March 1958 ku Geneva maiko ena a ku Ulaya adachita pangano pansi pa bungwe la United Nations. Mfundo yake yaikulu ndi iyi: tigwirizane malamulo amodzi, ndipo dziko limodzi likavomereza chinthu motsata malamulowo, ena onse alemekeze chilolezocho osayezanso.

Chizindikiro cha panganoli tingathe kuchiona ndi maso athu. Tikayang'anitsitsa pa galasi la nyali kapena pa kona ya galasi la kutsogolo la galimoto zambiri, tipeza kabwalo kokhala ndi chilembo cha E ndi nambala. Nambalayo ndi ya dziko limene lidapereka chilolezo: E1 ndi Germany, E2 ndi France, E11 ndi Britain, E43 ndi Japan, E47 ndi South Africa. Ana a sukulu amasangalala kukasaka zizindikiro zimenezi, ndipo ndi njira yabwino yowaonetsera kuti pangano la maiko limafika mpaka pa nyali ya minibasi.

Mu 1995 panganoli lidakonzedwanso kuti maiko a kunja kwa Ulaya nawo athe kulowamo, ndipo Japan idalowa mu 1998. Lero muli maiko oposa 50. United States simo. Pofuna kuti maiko aakulu amene sali m'panganoli azikhala nawo pa zokambirana, mu 1998 kudachitika pangano lachiwiri, momwe muli United States, China, India, Japan ndi European Union. Pansi pa pangano lachiwirili amagwirizana za kayezedwe, koma dziko lililonse limakalowetsa zimenezo m'malamulo ake mwa njira yake, ndipo palibe lonjezo lolemekezerana zilolezo.

Lamulo limasinthidwa bwanji?

Bwalo limene limasunga mapanganowa limatchedwa WP.29. Lidayamba mu 1952 ngati kagulu ka akatswiri a ku Ulaya, ndipo mu 2000 lidasanduka bwalo la dziko lonse lapansi. Limakumana ku Geneva katatu pa chaka, mu March, June ndi November. Pansi pake pali timagulu 6, ndipo kamene kamaona za utsi ndi mafuta kamatchedwa GRPE.

Malamulo ake ali ndi manambala. Nambala 83 ndi la utsi wa galimoto zing'onozing'ono, nambala 49 ndi la injini za malole ndi mabasi. Sayansi ikapita patsogolo, kapena pakaoneka mpata umene anthu akuzemberapo, dziko lililonse la m'panganoli lingathe kubweretsa ganizo losintha. Ganizolo limayamba lapita kwa akatswiri a GRPE. Kumeneko ndi kumene kumakhala kukoka ndi kukankha kwenikweni, ndipo nthawi zina kumatha zaka. Tidziwe kuti m'chipindamo simukhala maboma okha. Nthumwi za makampani opanga galimoto zimakhalamo, zimalankhula ndi kupereka zikalata, ngakhale sizivota. Mabungwe oimira ogula ndi oteteza chilengedwe nawo amaloledwa, koma amene amafika ndi akatswiri ambiri ndi zida zoyezera ndi makampani. Izi sizoipa pa zokha, pakuti amene amapanga injini ndiye amaidziwa. Komabe ife amene tidaphunzirako zauphunzitsi tikudziwa chimene chimachitika mwana wa sukulu akamathandiza nawo kulemba mafunso a mayeso ake omwe.

Akatswiri akagwirizana, ganizolo limakwera ku WP.29, kenaka kukavoteredwa ndi maiko amene amatsata lamulo limene likusinthidwalo. Kuyambira mu September 2017, kusinthako kumafuna kuti maiko 4 mwa 5 alionse amene alipo ndi kuvota avomereze. Kale ankafuna 2 mwa 3, monga momwe Nyumba ya Malamulo yathu imafunira posintha mbali zambiri za malamulo aakulu a dziko lino. Voti ikadutsa, Mlembi Wamkulu wa United Nations amadziwitsa maiko onse, ndipo amapatsidwa miyezi 6. Ngati pa nthawiyi okana apitirira dziko limodzi mwa 5 alionse, kusinthako kwagwa. Akapanda kufika pamenepo, kumayamba kugwira ntchito.

Chifukwa chiyani adakweza chiwerengerochi? Tikumbukire kuti European Union imavotera pamodzi maiko ake onse, amene lero alipo 27. Gulu lotere likangopeza anzake ochepa, linkatha kufika pa 2 mwa 3 mosavuta. Pa 4 mwa 5 liyenera kumvera maiko ena ambiri. Ngakhale zili choncho, malamulo a utsi a ku Geneva nthawi zambiri amalondola mapazi a malamulo a ku Ulaya, aja amatchedwa Euro.

Pali zinthu zina ziwiri zoti tizidziwe. Choyamba, kusintha kwakukulu kumabwera ndi masiku osinthira: tsiku limene mitundu yatsopano iyenera kuyamba kutsata, ndi tsiku lina lapatsogolo limene yakale idzaleke kulandiridwa. Galimoto imene ili kale pa msewu siikhudzidwa. Chachiwiri, kuyambira 2017 dziko lingathe kupereka chilolezo motsata lamulo la m'mbuyo, lofewerapo, pothandiza maiko amene mafuta awo ndi chuma chawo sizidafike pa lamulo latsopano. Koma maiko amene ali patsogolo sakakamizidwa kulandira galimoto zoterezo.

Mayeso amene aliyense ankawadziwa

Utsi sauyezera pa msewu poyamba. Galimoto amaiika m'chipinda, matayala ake pa zitsulo zozungulira, ndipo dalaivala amaonjezera ndi kuchepetsa liwiro motsata mzere umene akuuona pa kompyuta. Utsi wa ku ekizosi amausonkhanitsa nkuuyeza. Ubwino wa njirayi ngwakuti galimoto zonse zimayezedwa mofanana.

Mayeso akale a ku Ulaya, otchedwa NEDC, chiyambi chawo ncha m'zaka za m'ma 1970. Ankatenga masekondi 1,180, ndiye kuti pafupifupi mphindi 20, pa mtunda wa makilomita 11. Liwiro lapakati linali makilomita 34 pa ola. Munalibe chitunda, nyali ndi makina oziziritsira m'kati zinali zozimitsa, ndipo kuonjezera liwiro kunali kwa pang'onopang'ono, kumene palibe dalaivala amayendetsa choncho. Choipa kwambiri nchakuti mafunso anali omwewo chaka ndi chaka. Mphunzitsi aliyense akudziwa kuti mayeso akakhala osasintha, ana amaloweza mayankho osadziwa phunzirolo.

Pa pepala zinthu zinkaoneka bwino. Malire a NOx a galimoto zing'onozing'ono za dizilo adatsika kuchoka pa mamiligalamu 500 pa kilomita mu 2000 kufika pa 80 mu 2014. Koma makina oyezera mpweya m'misewu ya mizinda ya ku Ulaya sankaonetsa kutsika kotere. Pa mafuta napo panali nkhani yomweyo. Bungwe lofufuza la ICCT lidapeza kuti mu 2001 galimoto zatsopano zinkamwa mafuta oposa olembedwa pa pepala ndi pafupifupi 9 pa 100, koma pofika 2015 kusiyanako kudafika pa 40 pa 100 ndi kupitirira.

Nkhani ya Volkswagen

Chinsinsi chidaululika ku United States. Akatswiri ochepa a pa yunivesite ya West Virginia, atatumidwa ndi ICCT, adamangirira makina oyezera kumbuyo kwa galimoto zitatu za dizilo nkuziyendetsa m'misewu yeniyeni. Ziwiri zinali za Volkswagen. Zotsatira zidatuluka mu 2014, ndipo zidaonetsa kuti ziwirizo zinkatulutsa NOx wochuluka kwambiri pa msewu, chonsecho m'chipinda zinkapambana bwinobwino. Kampani idakhala ikupereka zifukwa zosiyanasiyana kwa chaka ndi miyezi. Pa 18 September 2015 nthambi ya boma la America yoteteza chilengedwe, EPA, idalengeza poyera kuti kampaniyo idaphwanya lamulo.

Chimene adachita ndi ichi. Injini za masiku ano zimalamulidwa ndi kakompyuta. M'kakompyutamo adalembamo malangizo oti kazizindikira pamene galimoto ili pa mayeso, poona liwiro, nthawi, ndiponso kuti matayala akuzungulira koma chiwongolero sichikutembenuka. Kakazindikira zimenezi, kankatsegula zida zonse zoyeretsera utsi. Galimoto ikatuluka pa msewu, kankazichepetsa mphamvu, ndipo NOx ankatha kufika maulendo 40 kuposa malire a ku America. Kunena mwachidule, galimotoyo inkalowa m'mayeso ndi likasa. Kampani idavomera kuti galimoto zotere zinali pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lonse. Mkulu wake, Martin Winterkorn, adatula pansi udindo patangopita masiku 5. Mu 2017 kampaniyo idavomera mlandu m'khoti la ku America, ndipo zindapusa, zipukuta misozi ndi kukonza galimoto zidaidyera ndalama zoposa ma euro 30 biliyoni. Galimotozi ankazitsatsa kuti ndi dizilo waukhondo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisaganize kuti lamulo loletsa chinyengo chotere kunalibe. Ku Ulaya linalipo m'malamulo a 2007. Chimene chidasowa ndi woyang'anira. Kampani inkasankha yokha dziko lokapemphako chilolezo, nkulipira yokha oyezawo, ndipo galimoto ikayamba kugulitsidwa panalibe amene ankaiyezanso mwakhama. Maboma a Germany, France ndi Britain atayeza mitundu ina pambuyo pake, adapeza kuti galimoto zambiri za dizilo za makampani ena nazo zinkapitirira malire pa msewu. Ku Japan nako, kumene kumachokera galimoto zathu zambiri, kudaphulika zake. Mu 2016 Mitsubishi idavomera kuti idanama pa za kamwedwe ka mafuta. Mu 2022 Hino, yopanga malole ndi mabasi, idavomera kuti idapotoza zotsatira za mayeso a injini kwa zaka zambiri, ndipo boma la Japan lidalanda zilolezo za injini zina.

Zimene zidasintha

Mayeso atsopano anali atayamba kale kukonzedwa ku Geneva nkhaniyi isanaphulike. Adavomerezedwa mu 2014 pansi pa pangano la 1998, ndipo dzina lake ndi WLTP. Amatenga mphindi 30 pa mtunda wa makilomita 23, liwiro limafika 131 pa ola, kuima nkochepa, ndipo amawerengera kulemera kwa zinthu zoonjezera zimene zili m'galimotomo. European Union idayamba kuwagwiritsa ntchito pa mitundu yatsopano mu September 2017, Japan nayo idawatenga, ndipo mu 2021 adalowa m'pangano la 1958 ngati lamulo nambala 154.

Koma mayeso a m'chipinda, ngakhale akhale abwino chotani, kakompyuta kangathe kuwazindikira. Choncho kusintha kwakukulu kudali kwachiwiri: kuyeza pa msewu weniweni. Makina oyezera amamangidwa pa galimoto, ndipo imayendetsedwa kwa ola ndi theka mpaka maola awiri, m'tauni, kumidzi ndi pa msewu waukulu, pakati pa galimoto zina, nyengo ili m'mene ilili. Zili ngati woyendera sukulu amene amafika osatumiza kalata. Ku Ulaya izi zidayamba mu 2017, ndipo ku Geneva zidasanduka lamulo nambala 168 mu 2024.

Apa napo panali kukokana. Makampani adadandaula kuti sangakwanitse nthawi yomweyo, ndipo maboma adalola kuti poyamba galimoto izipitirira malire maulendo 2.1 pa msewu. M'malo mwa mamiligalamu 80, inkaloledwa 168. Mizinda ya Paris, Brussels ndi Madrid idakasuma, ndipo mu 2018 idapambana. Mu 2022 khoti lalikulu la European Union lidagwetsa chigamulocho, ponena kuti mizindayo inalibe danga lokasuma pa nkhaniyi. Mpatawo wakhala ukuchepetsedwa pang'onopang'ono. Kuyambira September 2020 maiko a European Union amayenera kuyezanso galimoto zimene zili kale pa msika, ndipo chindapusa chingathe kufika ma euro 30,000 pa galimoto iliyonse yachinyengo. Lamulo la Euro 7, limene lidavomerezedwa mu 2024, lidaonjezeramo ngakhale fumbi lochokera ku mabuleki ndi ku matayala.

Nanga ife?

Dziko la Malawi silili m'pangano la 1958, ndipo pa voti ya ku Geneva tilibe dzanja lokweza. Komabe zotsatira zake zimatipeza, ngakhale mochedwa. Maiko olemera akakhwimitsa malamulo, galimoto zakale zimafuna kopita. Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, lidapeza kuti kuyambira 2015 mpaka 2018 maiko a ku Ulaya, United States ndi Japan adatumiza kunja galimoto zing'onozing'ono zogwiritsidwa kale ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo 40 mwa 100 zilizonse zidabwera ku Africa. Sikuti zonse nzoipa. Galimoto ya zaka 5 yochokera ku Japan ingathe kukhala yaukhondo kuposa yatsopano yopangidwira msika wopanda malamulo. Nkhani yagona pa chimene dziko lolandira limafunsa pa chipata. Kenya salola galimoto yopitirira zaka 8. Maiko a kuzambwe kwa Africa a m'bungwe la ECOWAS adagwirizana kuti kuyambira 2021 galimoto zolowa zizikhala za muyezo wa Euro 4 kapena kuposa. Kwathu kuno msonkho umakwera galimoto ikakhala yakale, koma msonkho suyeza utsi.

Mafuta nawo ndi mbali ya nkhaniyi. Zida zoyeretsera utsi zimaonongeka ndi mafuta oipa. Petulo wokhala ndi mtovu adaleka kugulitsidwa m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara poyamba pa 2006, ndipo dizilo wa salfa wochepa ndiye amene amalola kuti sefa ya mwaye igwire ntchito. Lamulo la galimoto ndi lamulo la mafuta ziyenera kuyendera limodzi, apo ayi chimodzi chimagwetsa chinzake.

Pomaliza pali chinthu chimene chili m'manja mwathu. Pansi pa galimoto, pa paipi ya ekizosi, pali kachitini kotupa kotchedwa catalytic converter. M'kati mwake muli zitsulo zamtengo wapatali monga platinum, zimene zimasandutsa mipweya yoipa ija kukhala yosaopsa kwambiri. Chifukwa cha zitsulozo, ena amakaba, ena amakagulitsa okha, ndipo ena amauzidwa kuti akakachotsa galimoto ikhala ndi mphamvu. Kakachoka, ntchito yonse ya zaka zambiri ya ku Geneva yathera pomwepo, ndipo galimoto ya 2015 imayamba kutulutsa utsi woipa kwambiri. Chilolezo cha mtundu chimangonena za tsiku limene galimoto idatuluka m'fakitale. Za moyo wake wonse wotsala zimadalira makaniko, mwini wake, ndi amene amaiyendera popereka chiphaso cha COF.

Zoti tikambirane m'magulu: Kodi m'dera lathu ndani amene amakhala nthawi yaitali pafupi ndi utsi wa galimoto, nanga adafunsidwapo maganizo ake? Boma likati liletse galimoto zakale kwambiri, mtengo wa minibasi ungakwere. Tingamuuze chiyani phungu wathu pa nkhani imeneyi?